Bokosi Lolemera Pansi pa Mtengo

Ntchito yanga ndi yokulunga mphatso. Ena akamva amaseka, ati ntchito yanji imeneyo, koma adzabwere adzaime pa kauntala yanga mwezi wa Disembala, tione ngati msana wawo ungafike madzulo. Sitolo yathu ndi yaikulu, ya zitseko zotseguka zokha zija, ndipo kauntala yanga ili pakona, pakati pa malo osungitsa zikwama ndi mtengo wa Khirisimasi wapulasitiki womwe timautulutsa m'katoni chaka ndi chaka n'kuupukuta fumbi. Anzanga amanditchula Amayi a Sizasi. Amati n'chifukwa cha sizasi imene ndimaimangirira m'chiuno, koma ndikudziwa kuti amanena pakamwa pangapa.

Kwa ife Khirisimasi imafika anthu asanaiganizire n'komwe. Amanijala amangodzuka tsiku lina n'kulamula kuti tonse tivale tizipewa tofiira, nyimbo za angelo n'kuyamba kulira m'masipika kuyambira potsegula mpaka potseka, zomwezomwezo, moti pofika pakati pa mwezi munthu umalota ukukangana ndi abusa a ku Betelehemu. Ntchito yanga yoyamba imakhala yokongoletsa pansi pa mtengo. Ndimatola makatoni a sopo ndi a mabisiketi kuseri, ndimawakulunga m'mapepala onyezimira, n'kuwamanga maliboni. M'kati simukhala kanthu, mphepo yokhayokha, koma ndimawakulunga ngati akupita kwa apongozi. Ngodya iliyonse imakhala yakuthwa, selotepi osaoneka. Ana amabwera kudzawagwedeza makolo awo akayang'ana kumbali, ndipo nkhope zawo zikagwa ine ndimanamizira kufunafuna chinachake m'dilowa.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi. Kuyambira ali wamng'ono timamutchula Tsabola, ndipo amene anamuputapo akudziwa chifukwa chake. Anthu amati anatengera ine, koma ine ndimaona kuti anawonjeza. Anapita kumzinda wakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, kukagwira ntchito kuhotelo. Kumeneko n'komwe anakwatiwa n'kubereka mwana wamkazi. Pamene mwanayo ankabadwa ine ndinali chigonere m'chipatala ndi mwendo, ndipo nditachira tchuthi changa chinali chitathera pabedi. Kuchokera pamenepo zakhala za mawa mawa. Mdzukulu wanga ndimamudziwa pa foni pokha. Ndinamuona akumera mano pa foni, akukwawa pa foni, ataima chogwirira mpando pa foni. Fungo la pamutu pake sindilidziwa, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa mmene ndimauzira anthu.

Tsabola sadziwa kunena kuti sindibwera. Mawu ena onse ali nawo, ena owonjezera, koma amenewa okha amamutsamwa. Ndiye anapeza njira yake. Sitolo yathu ili ndi dongosolo loti munthu ali kutali amasankha katundu pa foni, amalipira komweko, ife timakulunga, galimoto n'kukatula pakhomo pa wolandira. Chaka choyamba chimene sanabwere, kunafika ketulo yamagetsi. Chaka chotsatira bulangeti. Kenako wotchi yapakhoma. Palibe anandiuza, ndinangophunzira ndekha kuti phukusi likafika ndiye kuti mwiniwake safika.

Chimene Tsabola sanachiganizirepo n'chakuti wokulunga m'sitolo muno ndi mmodzi. Maoda a pa foni amalandira mnzanga wina, mayi wa ana awiri, wamtima wofewa ngati buledi wam'mawa, yemwe timamutchula Halo chifukwa ndi mawu amene amatuluka m'kamwa mwake tsiku lonse. Halo amatola katundu m'mashelefu n'kubwera naye kwa ine pa kangolo, ine ndimakulunga, Adalaivala n'kunyamula. Choncho ketulo ija ndinaikulunga ndekha. Liboni ndinasankha ndekha, lobiriwira, ndipo poweruka ndinakwera kutsogolo kwa galimoto nditaifukata, Adalaivala n'kukanditula pakhomo panga pamodzi ndi mphatso yanga. Pa Khirisimasi m'mawa ndinaimasula n'kumuimbira mwana wanga, ndikumufunsa kuti wadziwa bwanji kuti ndimafuna ketulo. Pepalalo ndinalipinda n'kulisunga chifukwa linali lidakali labwino.

Chaka chino zinayamba mosiyana. Tsabola anaimba mtengo tisanautulutse n'komwe m'katoni.

"Amayi, chaka chino tikubwera. Tchuthi ndinapempha kalekale, abwana avomera."

"Iwe Tsabola, usandiseweretse mtima."

"Ndikunena zoona. Bambo ake atsala, ntchito yawo siilola, koma ine ndi mwana tifika tsiku loti mawa ndi Khirisimasi. Mukonze pogona potakasuka, mdzukulu wanuyu amagubuduka kwambiri."

Ndinadula foni, ndinakhala pa mpando, ndinaimiriranso, kenako ndinapezeka ndikutsuka kapu yotsukatsuka. Sabata yomweyo ndinatulutsa makatoni onse m'chipinda chake chakale, ndinachapa makatani, ndinagula kamatiresi. Chilichonse chosweka ndinachikweza pamwamba pa kabati. Masoketi apansi ndinawamata selotepi, ndipo poti ndine katswiri, munthu sakanadziwa kuti pamenepo panali soketi. Ndinagulanso kakapu kapulasitiki ka zogwirira ziwiri, n'kukaika pa shelefu pafupi ndi kapu yanga. Madzulo aliwonse ndikamwa tiyi ndinkakayang'ana.

Nkhaniyi ndinauza aliyense. Alonda apakhomo, atsikana olandira ndalama pamatilo, amayi a kutchalitchi, ngakhale bambo wina yemwe anangobwera kudzafunsa komwe kuli mababu. Komabe mtima wa munthu amene anazolowera ketulo sukhala pansi msanga. M'mawa uliwonse Halo akamakankha kangolo kake kubwera kwa ine, maso anga ankathamangira pa katunduyo iye asanafike.

"Halo, za kwathu zilipo?"

"Palibe, amayi. Chaka chino mwapulumuka."

Tinkaseka, ine n'kuyamba ntchito ndi manja opepuka. Masiku amenewo ndinkakulunga ngati mtsikana. Ngakhale bambo uja amene amagula mafuta onunkhira awiri ofanana chaka chilichonse n'kupempha mapepala osiyana, ndinamumwetulira, osamufunsa monga mwa masiku onse kuti kodi akazi ake ndi mapasa. Mayi wina anabwera ndi kandolo ka kukhutu kakang'ono ngati njere ya chimanga, akufuna kaikidwe m'bokosi lalikulu kuti kaoneke kaulemu, ndinamuchitira osatsinya nkhope. Zikwangwani za m'sitolo zolembedwa kuti onetsani chikondi chanu, zimene zaka zonse zinkandinyansa, chaka chino ndinkangozidutsa ngati za anthu ena.

Chapakati pa mwezi, nditabwera ndi kakapu kaja kuntchito kudzaonetsa anzanga, yankho la Halo linasintha kamvekedwe. Mawu anali omwewo, koma ankawanena akuyang'ana foni, kapena atawerama kukonza tayala la kangolo lomwe linalibe vuto. Adalaivala nawo, bambo wanthabwala amene sadutsa pa kauntala yanga osandinena kuti chipewa chofiira chimandikalambitsa, anayamba ulemu wachilendo. Tsiku lina anandigulira chakumwa chozizira. Tsiku lina anati akandisiye kunyumba ngakhale njira yawo sinali imeneyo. Ine ndinkati anzangawa akusangalala nane, ndipo ndinawauza kuti mwana akabwera adzabwere kunyumba adzamuone.

"Tidzabwera, amayi," anatero Adalaivala, akuyang'ana msewu ngati pali dzenje.

Masiku omwewo Tsabola anaimba nthawi yopuma masana.

"Amayi, kumeneko kulibe chomwe chafika?"

"Chifike chiyani? Ine ndikudikira iwe. Kamatiresi ndagula, ndiye undiuze, mwanayo amadya chiyani m'mawa?"

Ndinkangomva mbale zikugundana kumbuyo kwake ndi munthu akuitana.

"Tsabola, uliko?"

"Ndiliko. Ndikuimbiraninso, amayi, alendo achuluka."

Sanaimbenso. Ndikamutumizira uthenga wofunsa za basi, ankayankha ndi chithunzi cha mwana. Ine ndinkachikuza chithunzicho ndi zala, kuyang'ana tizala ndi timakutu, n'kudziuza kuti munthu wokonzekera ulendo amatanganidwa. Ndikanafuna ndikanadziwa, koma kangolo ka Halo kanalibe kanthu kanga, ndipo ine ndinasankha kukhulupirira kangolo.

Kunyada kunandikwera mpaka ndinayamba kulalikira makasitomala. Bambo wina wa suti anaunjika katundu pa kauntala, nsalu, mafuta, wailesi, akulankhula pa foni ndi munthu wina kwinaku akundilozera ndi chala. Atamaliza anati zonsezo zipite kwa amayi ake, iye sakwanitsa kupitako.

"Amayi anuwo amakhala kutali?" ndinafunsa.

"Ayi, konkuno, kungoti nthawi."

"Ndiye nyamulani nokha mukawapatse, bambo. Wailesi siyankha munthu akafunsa kuti wadzuka bwanji mwanangu. Wanga akuchokera kutali kwenikweni, ndi mwana kumsana, koma akubwera."

Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kusizasi, n'kunena kuti anabwera kudzakulungitsa katundu, osati kudzapemphera. Halo anali ataima pambali ndi kangolo kake. Anagwetsa bokosi la makandulo, ndipo powatola anachedwa pansipo kuposa mmene makandulo amafunira.

Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi ndinavala diresi yanga yabwino mkati mwa epuloni. Amanijala ndinali nditawachonderera kale kuti ndiweruke msanga ndikadikire kudepoti ya basi. Anavomera ndi nkhope ya munthu amene akumuzula dzino, ati bola mzere ukhale utachepa. Mzerewo sunkaonetsa zochepa. M'sitolo munali piringupiringu, anthu akulimbirana zidole zotsala, tingolo tikugundana, angelo a m'masipika akuimbabe za mtendere pansi pano. Chakumasana ana awiri anathamangitsana mpaka kukagwera pansi pa mtengo, mabokosi anga n'kumwazika. Amanijala anandikodola ndi dzanja kuti ndikakonze msanga, anthu amajambulitsa zithunzi pamenepo.

Ndinagwada ndi bondo labwinolo n'kuyamba kusanja. Mabokosi amenewo ndimawadziwa ngati ana anga, lofiira la sopo, lagolide la mabisiketi, lalitali lomwe munali maambulera. Koma kumbuyo kwenikweni, kotsamira khoma, komwe nthambi zimafika pansi, ndinaona lina. Pepala linali langa, labuluu la nyenyezi, koma kakulungidwe kake kanali kochititsa manyazi. Ngodya zinali zofutukuka ngati makutu a galu, selotepi yazungulizidwa paliponse, liboni lamangidwa mfundo ya chingwe cha katundu. Mtima unandiwira. Ndinaganiza kuti pali wina amene wakhala akuseweretsa mapepala anga ine kulibe, ndipo anthu akaona bokosi limeneli aziti ndi ntchito ya manja anga.

Ndinalikoka ndi dzanja limodzi, monga ndimakokera enawo. Silinasunthe. Ndinagwira ndi manja awiri, linabwera mokhwekhwereza, ndipo mkati munalira zinthu zogundana.

Ndinakhala chogwada pamenepo kanthawi. Pansi pa mtengo umenewu sipakhala chinthu cholemera. Nditatukula mutu, ndinaona Halo ataima pafupi ndi kauntala yanga, foni ili kukhutu, koma pakamwa pali yasa, osanena halo. Maso athu atakumana anatsitsa foniyo pang'onopang'ono.

Ndinalinyamula bokosilo, kudutsa mzere wonse wa anthu ondidikira, mpaka kuchipinda chakuseri komwe timadyera. Halo ananditsatira. Adalaivala anali momwemo akumwa madzi, ndipo ataona chomwe ndanyamula anaika kapu pansi n'kuvula chipewa chawo chofiira.

"Wakulunga ndani?" ndinafunsa.

"Ndine, amayi," anatero Adalaivala.

"Zikuoneka. Linafika liti?"

Halo anayamba kulira asanayankhe. "Kalekale, amayi. Tsiku lomwe munabwera kudzationetsa kakapu kaja. Ndinatola katunduyo m'shelefu, ndinafika naye pafupi ndi kauntala yanu, inu mukuonetsa atsikana a pamatilo kakapuko, ndiye ndinangobwerera."

"Ndiye n'kukabisa pansi pa mtengo wanga."

"Kosungira katundu amanijala amayenderako," anatero Adalaivala. "M'galimoto mumakweramo inu. Tinati pansi pa mtengo palibe angagwire, aliyense amadziwa kuti mulibe kanthu. Timati mwina mwanayo asintha maganizo, abwera ndithu, ndiye ife tidzangolitulutsa mwakachetechete."

"Mwana wanuyo anaimbanso kuofesi kufunsa chifukwa chake katundu sanafike," anatero Halo akupukuta mphuno. "Ndinamuuza kuti galimoto yawonongeka. Tsiku lililonse ndimati ndikuuzani lero, koma mumabwera mukuseka, amayi. Chiyambire kugwira nanu ntchito sindinakuoneni mukuseka mu Disembala."

Ndinali ndi mawu ambiri, ndipo anthu awiriwo ankawayembekezera, ataweramitsa mitu ngati ana asukulu. Ndinkafuna kuwafunsa kuti madzulo ano akanandisiya ndipite kudepoti ndikaime ndi diresi yanga yabwino mpaka basi yomaliza? Ndinkafuna kuwakumbutsa za alonda, za amayi a kutchalitchi, za bambo wa suti uja. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Koma mkwiyo sunkapeza pogwira, chifukwa zimene ananena Halo zinali zoona. Masabata amenewo ndinali wosangalala, ndipo ndinkafunitsitsa wina andibwezere m'mawa wa tsiku lomwelo, pamene ndinali ndisanadziwe.

Ndinatenga sizasi n'kudula selotepi ya Adalaivala, ntchito yomwe inanditengera nthawi. Mkati munali mbale zadothi, zazikulu ndi zazing'ono, zimene tinaziika pakhomo pa sitolo ndi chikwangwani choti mphatso yoyenera amayi. Pa katoni panali chithunzi cha banja litazungulira tebulo, agogo pakati, aliyense mano pamtunda. Ine ndimadyera mbale imodzi, ndipo ikakhala yakuda ndimadyera mumphika.

"Tulukani," ndinatero. "Mukawauze anthuwo kuti ndikubwera."

Nditatsala ndekha ndinaimba. Inaitana nthawi yaitali, moti ndinaganiza kuti sayankha.

"Amayi."

"Mbale zafika."

Anapuma mwamphamvu. "Zafika lero? Ine ndimaganiza kuti zinafika kale, kuti mukungondilanga ponamizira kuti simukudziwa. Kenako akusitolo anati galimoto, ndiye ndinasowa poyambira."

"Simukubwera."

"Anatilanda tchuthi tonse, amayi. Hotelo yadzaza, kuli maphwando mpaka chaka chatsopano. Anatisonkhanitsa n'kunena kuti wochoka achokeretu. Ndinakangana nawo, mukundidziwa, mpaka anandiitanira kuofesi. Ndinalongedza kale chikwama cha mwana, mpaka pano sindinachimasule."

"Ukanangondiuza ndi pakamwa, mwanangu."

"Sindikanatha."

"Ndiye unati mbale zikanene."

Ndinamva akukoka mamina. Ndikanasiyira pomwepo, koma chinthu chimene ndinachisunga zaka zonsezi chinatuluka chokha, mopanda ukali.

"Tsabola, ukamagula zinthuzi m'sitolo muno, umaganiza kuti amakulunga ndani?"

Anangoti, "Amayi," ndi mawu aang'ono amene ndinawamva komaliza ali kamtsikana, ataswa galasi la pawindo.

"Usalire. Ndimakulunga bwino, sizimandivuta."

Tinalira tonse pang'ono, aliyense kumbali yake, mopanda phokoso. Ndinkafuna kumugwira mutu, ngakhale kumukoka khutu, chilichonse chofuna dzanja. M'manja mwanga munali foni ndi zidutswa za selotepi. Pamenepo ndinamva kaphokoso kumbuyo kwake, ngo ngo ngo, kenako kamawu kakulankhula zosamveka.

"N'chiyani chimenecho?"

"Ndi mdzukulu wanuyo, akumenya ndowa ndi supuni. Ndili kunyumba, ndikulowa ntchito madzulo. Ndikusita yunifolomu, ndikatha ndikamusiya kwa aneba."

"Ndiye usadule."

"Amayi?"

"Usadule foniyo. Iike pansi pafupi ndi mwanayo, iwe uzisita. Usamuuze kuti anene agogo, usamuvutitse. Ingoiika pamenepo."

"Mayunitsi anu atha."

"Ndi anga."

Ndinamva foni ikugunda pansi, ndipo phokoso la ndowa linayandikira. Chitseko chinatseguka, amanijala n'kusuzumira, nkhope itafiira ngati chipewa chawo. Anati mzere wafika kumafiriji, ndipo ngati ndikufunabe kuchoka msanga ndiyambe kuuchepetsa. Ndinawauza kuti asadandaule, ndikhala mpaka potseka. Anandiyang'ana, anayang'ana mbale, n'kutseka chitseko mwaulemu kuposa mmene anachitsegulira.

Halo anali akundidikira pakhonde lopita m'sitolo, maso ali psuu. Ndinamulozera khutu langa, n'kumuonetsa foni. Anachotsa kachingwe kake komverera, anakalumikiza ku foni yanga, anandilowetsa kukhutu, chingwecho n'kuchibisa pansi pa chipewa ndi kolala. Foni ndinaiponya m'thumba la epuloni n'kubwerera pa kauntala.

Ndinakulunga chidole, ndinakulunga nsapato, ndinakulunga mpira, womwe ndi mdani wa aliyense wogwira ntchito yangayi. Khutu limodzi linkamva angelo ndi anthu akudandaula za mzere. Linalo linali m'chipinda chimene sindinalowemo, momwe ayironi inkapuma nthunzi, mwana wanga akukoka mamina n'kumang'ung'udza kanyimbo, ndipo supuni inkamenya ndowa, kusiya, kumenyanso. Kenako supuni inagwa. Ndinamva timawondo tikukhwekhwereza pansi, kubwera, kubwera, mpaka china chake chinagwira foniyo n'kuitembenuza. Mpweya wofunda, wothamanga, wa kamphuno kotsekeka pang'ono, unadzaza khutu langa lonse. Anapuma, anameza malovu, anapumanso. Sizasi inaima pakati pa pepala.

"Mayi, tikuthamangatu ife," anatero bambo amene anali kutsogolo kwa mzere, akugogoda pa kauntala ndi makiyi.

"Dikirani pang'ono, bambo," ndinatero. "Mdzukulu wanga wabwera."